John Kirk, kombe ndi alenje a ku Chigwa cha Shire

Tikamva za ulendo wa David Livingstone pa Zambezi ndi pa Shire ambiri timangoganiza za iyeyo basi, koma mu gulu lija munalinso mnyamata wina wa ku Scotland, John Kirk, yemwe ntchito yake inali yotola zomera. Anabadwa mu 1832, anaphunzira udotolo ku Edinburgh, nde pomwe amanyamuka kwawo mu 1858 anali ndi zaka 25 zokha. Anamulemba kuti akhale dotolo wa gululo komanso kuti aziona mitengo, mbewu ndi mizu zomwe zingapite pa msika, makamaka thonje, poti mafakitale a nsalu ku Britain amalifuna kwambiri. Ndipo thonjelo analipezadi, Amang'anja amalima kale komanso amaluka okha nsalu zawo.

Ntchito yakeyo inali yowawa. Ukathyola nthambi ya maluwa kapena ya zipatso umaiyala pakati pa mapepala nkupanikiza ndi matabwa kuti iume, kenako kumasinthasintha mapepalawo kuti isachite nkhungu, kwinaku ukulemba malo, tsiku ndi dzina lomwe eni dera akukuuza, njere ndi mizu uzikulunge pazokha, zonsezi mu kutentha kwa ku Chikwawa komwe amene anakhalako mu Okutobala akukudziwa, udzudzu uli pompo, malungo akukugwetsa. Boti lawo la Ma Robert linali lodontha kwambiri moti katundu amanyowera momwemo. Zomwe zapulumuka amaziika m'mabokosi kuti zipite ku Kew, munda waukulu wa zomera wa ku London.

Mu 1859 anakwera Shire mpaka pa mudzi wa Chibisa, mathithi a Kapichira nkuwatsekera njira, nde anapitiriza wapansi, anafika ku nyanja ya Chilwa mu Epulo, ku nyanja ya Malawi mu Seputembala. Tsoka lalikulu linamugwera mu 1860 pochokera ku Victoria Falls. Bwato lake linagubuduzika pa mathithi a Kebrabasa, pomwe lero pali damu la Cahora Bassa ku Mozambique, iye anapulumuka koma zolemba zake ndi zojambula za zomera zinapita ndi madzi. Ine ndikaganiza zimenezo chisoni chimandigwira ndithu, poti m'mapepala amenewo muyenera kuti munalinso mayina ndi ntchito za mitengo zomwe anthu a m'mbali mwa mtsinje anamuuza.

Koma nkhani yomwe yandipangitsa kulemba ndi ya kombe. Kombe ndi chomera choyanga m'mitengo, chimabereka zipatso zazitali ziwiriziwiri zotambasuka ngati nyanga za mbuzi, mkati mwake muli njere zambirimbiri. Alenje a ku chigwa amasinja njerezo nkupanga ulembe wopaka pa mivi. Nyama ikalasidwa sankalimbana nayo, amangoilondola pambuyo mpaka igwe yokha, akatero amadula nkutaya mnofu wozungulira bala, inayo nkudya bwinobwino osadwala. Taganizani anthu inu, kuti munthu afike podziwa kuti ndi njere iti, isinjidwe bwanji, ipakidwe yochuluka bwanji, nyama yake idyedwe pati itayidwe pati, panadutsa mibadwo ingati akuyesa? Amenewa anali akatswiri enieni, ndipo chinsinsi chawo sankangouza mlendo aliyense.

Kirk anaupeza ulembewo nkuusunga m'thumba momwe munalinso mswachi wake. Tsiku lina akutsuka mkamwa anamva kuwawa, anayamba waganiza kuti ndi kwinini poti nthawi zina amatapira mankhwalawo ndi chogwirira cha mswachi womwewo, koma anazindikira kuti mtima wake, womwe umathamanga chifukwa cha chimfine, wayamba kugunda pang'onopang'ono. Apa pokha ndimamupatsa ulemu, wina akanangolavula nkuiwala, iye poti anali dotolo anaona kuti chomwe chimaimitsa mtima wa nyama chikhoza kuthandiza mtima wodwala chikakhala chochepa kwambiri.

Kuchoka apo nkhani yonse inasamukira kunja. Ku Kew, Daniel Oliver anatcha chomeracho Strophanthus kombe. Ku Edinburgh, Thomas Fraser anakhala zaka akufufuza njerezo mpaka anatulutsamo mankhwala omwe anawatcha strophanthin, ndipo mu 1885 anauza madotolo anzake kuti amathandiza odwala mtima. Posakhalitsa kampani ya Burroughs Wellcome inayamba kugulitsa mankhwalawa m'mabotolo. Njere zimachokera konkuno, John Buchanan, mzungu wa ku Scotland yemwe amalima khofi ku Zomba, anatumizako, a kampani ya African Lakes, omwe timawadziwa kuti Mandala, nawo amagula kwa anthu nkumatumiza kunja. Mayina onsewa alipo, zaka zake zilipo, koma mlenje amene anasinja njere, amene analoza kuti chomera chake ndi ichi, amene anakwera mu mtengo kukathyola zipatso zija, mabuku amangoti anthu akuda a m'deralo. Izi ndi zomwe zimandipweteka ine. Masiku ano madotolo sagwiritsanso ntchito kwenikweni strophanthin, kunabwera mankhwala ena, nde nkhani yonseyi ikungozilala, ndipo chonde wina asayerekeze kulawa kombe ati poti ndi mankhwala a mtima, ndi poizoni woopsa.

Sindikuti Kirk anali munthu woipa ayi. Anachoka pa ulendowu mu 1863 atadwala kwambiri m'mimba, kenako anakagwira ntchito ya ukazembe ku Zanzibar komwe mu 1873 anakakamiza Sultan Barghash kusainira pangano lotseka msika wa akapolo, msika womwe unameza anthu ambiri ochokera kuno ku nyanja. Anamwalira mu 1922 ku England. Dzina lake linatsala paliponse, mapiri a Kirk Range a m'malire mwa Ntcheu, Neno ndi Mozambique, mpira wa m'tchire uja amati Landolphia kirkii, ngakhale masuku omwe timagula m'mbali mwa msewu dzinja likamayamba, m'mabuku a sayansi ndi Uapaca kirkiana kuyambira mu 1864. Ntchito anaigwiradi, anaivutikira, koma sanayende yekha. Mabokosi aja anawasenza ndi anthu, bwato anapalasa ndi anthu, njira ya ku Chilwa analondolera ndi anthu, ndipo panthawi yomweyo midzi ya Amang'anja imaotchedwa ndi ogwira akapolo, kenako kunagwa chilala ndi njala ya 1862 ndi 1863 yomwe inapululutsa anthu m'chigwa chonse. Ena mwa omwe anamuphunzitsa za kombe mwina anathera momwemo.

Zomera zouma zomwe anatola zikusungidwabe ku Kew, ndi timapepala tolembedwa ndi dzanja lake, ndipo zina anazijambula zili pa intaneti. Ifenso tili ndi National Herbarium, malo osungirako zomera zouma, ku Zomba, tili ndi ana asukulu za ukachenjede omwe chaka ndi chaka amasowa mutu wa kafukufuku. Ine ndikanakonda ena mwa iwo atatsika ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndi foni yojambulira mawu, akakhale pansi ndi agogo omwe makolo awo anali alenje, awafunse za kombe, komwe amamera, mwezi wothyola, momwe amasinjira ndi zomwe amasakaniza, ndipo pa pepala lililonse alembepo dzina la gogoyo, mfunda wake ndi mudzi wake.