Zimene ndaphunzira pa miyala ya ku Dalebrook

Ndinakulira ku Nkhata Bay, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, ndipo pamene ndinayamba phunziro la zamoyo za m'gombe la nyanja ya mchere kuno ku Cape Town ndinkadziona ngati munthu wodziwa kale madzi. Tsiku loyamba limene ndinapita ndekha ku Dalebrook, pafupi ndi Kalk Bay m'mbali mwa False Bay, ndinafika cha m'ma 3 koloko masana, kope ndi pensulo zili m'manja, koma ndinapeza miyala yonse imene ndinkafuna kuiona itamira. Kwathu nyanja imakwera ndi kutsika pang'onopang'ono motsatira nyengo, mwakuti mwala umene uli poyera m'mawa umakhalabe poyera madzulo. Kuno madzi amadzaza kawiri ndi kuphwera kawiri pa maola pafupifupi 25 chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa, ndipo amaphwera kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene. Masiku oterewa munthu ayenera kufika pagombe cha m'ma 9 kapena 10 koloko m'mawa.

Nditabwereranso pa nthawi yake, ndinaona kuti zamoyo za pamiyalapo sizinangomwazikana chisawawa ayi, koma zinandandalikana m'mizere yopingasa ngati munda wolimidwa ndi munthu wosamala. Pamwamba penipeni, pamene pamangofika malovu a mafunde, pali tinkhono takuda tating'ono ngati njere za mapira, timene timadzimata kumwala ndi mamina n'kutseka pakhomo pa chigoba kuti tisaume. Kutsika pang'ono pali ma barnacle, amene poyamba ndinkawayesa timiyala toyera tokanda mapazi, osadziwa kuti ndi abale a nkhanu amene anadzimata chamutu pamwala moyo wawo wonse, ndipo madzi akafika amatulutsa timiyendo tawo n'kumakokera chakudya m'kamwa. Amene anafotokoza bwino mizere imeneyi ndi T. A. Stephenson, yemwe ankaphunzitsa ku Cape Town m'zaka za m'ma 1930, pamodzi ndi mkazi wake Anne, ndipo mu 1949 anasonyeza kuti dongosolo lomweli limapezeka pa magombe a miyala m'maiko ambiri.

Funso limene linandisowetsa tulo linali lakuti n'chifukwa chiyani chamoyo chilichonse chimalekezera pamzere wake. Ine ndinkaganiza kuti yankho ndi dzuwa basi, koma linali theka chabe la nkhani. Joseph Connell, amene anafalitsa zotsatira za kafukufuku wake mu 1961, anagwira ntchito pa chilumba cha Cumbrae ku Scotland, kumene mitundu iwiri ya ma barnacle imakhala wina pamwamba, wina pansi. Atapala mtundu wa pansiwo pamiyala ina, anaona kuti wa pamwamba uja unakula bwinobwino pamalo opalidwawo, kusonyeza kuti chimene chinkaulepheretsa kutsika sanali madzi koma mnansi wake, amene amaukwirira kapena kuuzula. Choncho malire a kumtunda amaikidwa ndi kuuma ndi kutentha, pamene malire a kumunsi nthawi zambiri amaikidwa ndi opikisana nawo ndi adani. Kuchokera pamene ndinamvetsa zimenezi, ndikaona mzere pamwala ndimayamba ndafunsa kuti wakhala kumunsi kwake ndani.

Malo amene ndinathera nthawi yaitali ndi mzere wa kumunsi, umene umaoneka kwa kanthawi kochepa madzi akaphwera kwambiri. Kumeneko kuli nkhono ya chigoba chimodzi chovundikira, ya mtundu wa limpet, yotchedwa Scutellastra cochlear, imene chigoba chake n'chopyapyala mbali imodzi ngati peyala. Ndinagwada pamwala, mawondo akunyowa, diso lina lili ku mafunde, ndipo ndinaona kuti nkhono iliyonse yazunguliridwa ndi kamzere ka ndere zofiirira, pamene mwala wonse wotsala wakutidwa ndi chikhungwa cholimba chotuwa. Kamzere kameneka ndi dimba lake. Nkhonoyo imadya nderezo mozungulira itakhala pamalo ake omwewo, ndipo zotuluka m'thupi mwake zimasanduka manyowa a dimbalo. Nkhonozi zimathithikana kwambiri moti ana ake amasowa pokhala n'kumakwera pamsana pa zikuluzikulu. Ndinayesa kukankha imodzi ndi chala, koma itangomva kukhudzidwa inakanirira pamwala ngati yakhomedwa ndi msomali, ndipo ndinaisiya podziwa kuti ikachotsedwa pamalo pake kawirikawiri siipulumuka.

Apa ndi pamene ndinakumbukira mbuna, nsomba za m'miyala ya kwathu, zimene nazonso zimadya ndere zomera pamwala ndipo zazimuna zimathamangitsa zinzake pa kachigawo kake. Ndili mwana ndinkaona ndewu zimenezo ngati masewera a nsomba, koma tsopano ndikuona kuti paliponse pamene chakudya chamera pamwala, chuma chenicheni chimene chimalimbiranidwa ndi malo.

Gombe la South Africa lasintha chifukwa cha mlendo amene analowa m'mpikisano umenewu. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunafika nkhono ya zigoba ziwiri yochokera ku nyanja ya Mediterranean, Mytilus galloprovincialis, imene inafalikira m'gombe la kumadzulo, kumene madzi ozizira oyenda m'nyanja ngati mtsinje, otchedwa Benguela, amadutsa, n'kulanda malo a nkhono zachibadwidwe za kuno. Ndinali wokonzeka kulemba mu lipoti langa kuti kubwera kwake kunali tsoka lokhalokha, mpaka pamene ndinawerenga kuti mbalame yakuda ya mlomo wofiira yotchedwa African oystercatcher, imene inali itachepa, inapeza chakudya chochuluka mwa mlendoyu ndipo chiwerengero chake chinakwera. M'mawa womaliza umene ndinali ku Dalebrook ndinaona mbalamezi ziwiri zikuyenda pamzere wa kumunsi, ina ikulowetsa mlomo pakati pa zigoba zimene zinali zitayasama pang'ono, ndipo ndinali ndisanamalize kuwerenga nkhono za m'chigawo chachitatu cha mwala umene ndinkafufuza pamene funde loyamba linandifika m'akakolo.