Kupempha chilolezo cha ma extension a browser: zomwe ndikuphunzira

M'makampani ambiri akuluakulu wantchito saloledwa kudziikira yekha extension (kapulogalamu kowonjezera ntchito za browser) pa browser. Mu Chrome, a zachitetezo cha makompyuta amangoika kanyenyezi (*) kamodzi pa lamulo lotchedwa ExtensionInstallBlocklist, basi zonse zatsekedwa, kenako amatsegulira imodziimodzi pa ExtensionInstallAllowlist. Ukalemba chrome://policy polembera adiresi, umadzionera wekha malamulo omwe akumanga kompyuta yako. Ife oyesa mapulogalamu zimatikhudza kwambiri chifukwa zida zathu zambiri zimabwera ngati ma extension: axe DevTools ndi WAVE zoonera ngati tsamba lingagwiritsidwe ntchito ndi anthu olumala, React Developer Tools yosuzumira mkati mwa tsamba, Selenium IDE yosunga zonse zomwe ukudina kuti izibwereza yokha.

Pa maphunziro anga a zachitetezo tinapatsidwa ntchito yotsegula extension n'kuwerenga zamkati mwake. Si zovuta ayi. Fayilo yake ndi zip chabe yovala chipewa china, ndipo ukaimasula umapezamo manifest.json. Mufayilo yaing'ono imeneyi ndi momwe muli nkhani yonse. Pali mzere wa permissions, pomwe mwina palembedwa cookies, tabs kapena webRequest, ndiye pali host_permissions, pomwe ma extension ambiri amangolembapo all_urls. Tanthauzo lake n'lakuti kachidako kangawerenge ndi kusintha chilichonse pa tsamba lililonse lomwe watsegula. Chrome amachenjeza ndithu pa nthawi yoika, koma ndi angati amawerenga?

Tsono taganizirani browser ya woyesa mapulogalamu. Walowa pa seva yoyesera ndi akaunti ya admin. Pa tabu ina watsegula malo osungira khodi ya kampani, pa ina imelo. Ma cookie omwe amamusunga kuti asamalembe pasiwedi mobwerezabwereza ali momwemo, ndipo woba cookie yotere safunikanso pasiwedi. M'malo ena seva yoyesera imadzazidwa ndi zambiri zokopedwa kwa makasitomala enieni, chomwe ndi chizolowezi choipa koma chilipo. Ndiye pamene a zachitetezo akuzengereza, sikuti akukayikira woyesayo. Akuona kuti browser yakeyo ndi imodzi mwa zonona kwambiri kwa akuba.

Chomwe chandigwira mtima kuposa zonse ndi chakuti extension imadzisintha yokha. Yomwe mwaivomereza lero si yomwe idzakhale pa kompyuta mwezi wamawa. The Great Suspender inali yotchuka, anthu ankaikonda chifukwa inkagonetsa matabu osagwiritsidwa ntchito kuti kompyuta isalemedwe. Mu 2020 mwini wake anaipereka kwa munthu wina wosadziwika, ndipo mu February 2021 Google inaichotsa pa Chrome Web Store, malo otengako ma extension a Chrome, ponena kuti ili ndi khodi yoipa. Dzina linali lomwelo, chizindikiro chomwecho, manja okha ndiwo anasintha. Mu December 2024 zinagwera Cyberhaven, kampani yomwe ntchito yake ndi kuteteza zinsinsi za makampani ena. Wantchito wawo ananyengedwa ndi imelo yonamizira kuti yachokera ku Chrome Web Store, akuba anapeza mpata wotulutsa extension yawoyo itasinthidwa, nthawi ya Khirisimasi anthu ali pa tchuthi, ndipo inayamba kutola ma cookie a oigwiritsa ntchito. Malamulo a Chrome a kapangidwe ka ma extension otchedwa Manifest V3 amaletsa extension kukatenga khodi kunja n'kumaiyendetsa, zomwe zathandizako, koma sangaletse wakuba yemwe wagwira makiyi a mwini wake.

Pachifukwa ichi pempho labwino silinena kuti "tiloleni tiike chida chakuti chifukwa aliyense amachigwiritsa ntchito." Limayamba ndi ID ya extensionyo, zilembo 32 zochokera pa a kulekeza p, popeza mayina amatha kubedwa ndipo lamulo la Chrome limawerenga ID, osati dzina. Limatchula woipanga, limatenga chilolezo chilichonse cha mu manifest n'kufotokoza ntchito yake pa kuyesako, limanenanso ngati chidacho chimatumiza zomwe chaona ku maseva a eni ake. Mfundo yomalizayi ndi yomwe imagwetsa mapempho ambiri, makamaka a zida zojambula sikirini kapena zosunga zotsatira pa intaneti.

Ndaonanso kuti wopempha amene wadzichepetsera yekha malire amamveka msanga. Lamulo la ExtensionSettings lili ndi runtime_blocked_hosts ndi runtime_allowed_hosts, zomwe zimalola kuti extension itsekeredwe masamba onse kupatula seva yoyesera. Mungapemphenso kuti iikidwe kwa gulu la oyesa lokha, pa profile yapadera ya browser kapena pa makina oyesera omwe salowa mu imelo, komanso kuti chilolezocho chidzaunikidwenso pakapita miyezi ingapo. A zachitetezo nawonso ali ndi owafunsa. Kampani yotsatira ISO/IEC 27001 ya 2022, muyezo wapadziko lonse wa chitetezo cha zinsinsi, imayenera kuonetsa momwe imayang'anirira kuika mapulogalamu, pa gawo 8.19, choncho pempho lolembedwa bwino limakhala umboni wawo tsiku la audit, pamene ofufuza amadzaona ngati muyezowo ukutsatidwa.

Nthawi zina yankho ndi kusapempha n'komwe. Lighthouse, chida chounikira masamba a pa intaneti, ili kale mkati mwa DevTools ya Chrome ndipo poyesa za anthu olumala imagwiritsa ntchito axe-core, injini yomweyo yomwe ili mu axe DevTools. Playwright, pulogalamu yoyesera masamba, ili ndi codegen yomwe imalemba khodi yoyesera pamene iwe ukudina, popanda extension. Kuyambira 2023 kulinso Chrome for Testing, browser yopangidwira kuyesa, yomwe sidzisintha yokha. Njira yomwe sindigwirizana nayo ndi ya kuseri, yoyatsa developer mode n'kulowetsa foda ya extension mwakachetechete, kapena kukopera zinthu za kampani pa laputopu yako. Ikadziwika, gulu lonse la oyesa limavutika kupatsidwa chilolezo china.

Mfundo yomwe ndikuibwerezabe ndi ya installation_mode, gawo la ExtensionSettings lonena momwe extension iziikidwira. Extension ikakhala allowed, munthu amaiika yekha, ndipo ikadzasintha n'kufuna chilolezo chachikulu kuposa kale, Chrome amaiimitsa kaye mpaka iye avomere. Ikakhala force_installed, imalowa pa makompyuta onse osankhidwa popanda funso, wantchito sangaichotse, ndipo zilolezo zake zimaperekedwa zokha. Kukakamiza kumaoneka kosavuta kwa mtsogoleri wa gulu yemwe akufuna kuti aliyense akhale ndi zida zofanana, koma kumachotsa chenjezo lomwe likanaonetsa kuti chidacho chayamba kufuna zambiri. Pa zida zoyesera ine ndingapemphe allowed, pamodzi ndi blocked_permissions yotchula zilolezo zomwe extensionyo isadzapatsidwe ngakhale itasintha.