Plastic surgery si ya ma celeb okha, pitani mukaone ku wodi ya opsa

Anthu ambiri akamva zoti plastic surgery amangoganiza za ma celeb aku America, kukulitsa mbina, kuwongola mphuno, zija timaziona pa Instagram zija. Zilipo inde, koma ine chimandiwawa nchoti mwana wa Fomu 4 amene akulakalaka udokotala sanamvepo kuti kuno kwathu ntchito imeneyi kwambiri ndi ya ana opsa ndi moto, ana obadwa ndi mlomo wong'ambika, ovulala pa ngozi za kabaza, ndi abale athu achialubino amene dzuwa lawayambitsira khansa yapakhungu.

Chiyambi cha plastic surgery yamakonoyi nachonso sichinali cha kukongola ayi. Harold Gillies, dokotala wa ku New Zealand, mu 1917 ankakonza nkhope za asilikali ophulitsidwa pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, ku Sidcup ku England, anthu oti nsagwada kapena mphuno zachokeratu.

Tiyeni tikambe za moto chifukwa ndi pamene pali nkhani. June ndi July kukazizira mbaula imalowa m'nyumba, mwana wokwawa wakoka mpoto wa phala, wina wa khunyu wagwera pamoto akuwotha, ndiye chilonda chikazama sichipola msanga, chimatha miyezi, ndipo chikamapola khungu limakokana mpaka mupeza zala zamatirirana, mkono wapindika pachigongono sukuwongokanso, kapena chibwano chagwirana ndi chifuwa. Mwana ameneyo pensulo agwira bwanji? Khasu nanga?

Apa ndi pamene dokotala wa plastic surgery amalowa. Amapala khungu lopyapyala kwambiri, kawirikawiri pantchafu ya wodwala yemweyo, nkulibowola timabowo kuti litambasuke komanso madzi a pachilonda azituluka, kenako nkuliyala pachilondapo. Masiku oyambirira khungu lija limangoyamwa madzi a pomwepo, kenako timitsempha tatsopano ta magazi timalowamo, likagwira basi lakhazikika. Pantchafu paja pamapola pokha pakatha masabata awiri kapena atatu. Koma pamene fupa lili poyera khungu lopyapyala siligwira, ndiye amasuntha khungu ndi mnofu pamodzi ndi mitsempha yake yomwe, iwo amati flap, ndipo apa mpofunika mutu kwambiri chifukwa ayenera kudziwa kuti mtsempha uti ukudyetsa pati, akalakwitsa pang'ono nyama yonse ija imada nkufa.

Ndipo ku thiyeta si kothera. Pamabwera a fizo, aja ophunzitsa odwala kuwongola ndi kuyendetsa ziwalo, pamabwera zomangira kuti mkono ukhale chowongoka miyezi ndithu, mwana amalira, mayi chifundo chimawagwira nkumumasula usiku, khungu nkukokananso. Sindikuwaweruza amayi athu, kuona mwana akulira nkowawa zedi, koma chonde musamasule.

Za mlomo wong'ambika zimandikhudza mwapadera chifukwa mpaka lero kuli mabanja amene amabisa mwana m'nyumba, ena kumanena mayi kuti analakwira mwambo ali ndi pakati. Si ufiti, si tchimo la mayi, ndi mlomo chabe umene sunalumikizane bwino mwana ali m'mimba. Mlomo amasoka mwana ali ndi miyezi 3 mpaka 6, kumwamba kwa m'kamwa kukakhala kong'ambika amakutseka asanapitirire chaka ndi theka kuti adzayankhule bwino. Vuto limakhala poyamwa, mkaka umatulukira m'mphuno mwana nkumawonda, ndipo wowonda kwambiri samugoneka tulo ta opaleshoni, ndiye kupita naye msanga kuti akuphunzitseni kadyetsedwe kake nkofunika kwambiri. A Operation Smile amathandiza ana otere kuno, komanso ku Beit CURE ku Blantyre ana amawathandiza osalipira.

Nanga munthu amafika bwanji pokhala dokotala wa ntchito imeneyi? Njira yake ndi yaitali aise. Kuyambira ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo imene mbali yake ina inali College of Medicine ija inatsegulidwa mu 1991, digiri ya udokotala, kenako internship, kenako zaka zina zophunzira maopaleshoni, ena kudzera ku COSECSA, koleji ya madokotala a maopaleshoni ya kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa, imene inayamba mu 1999 kuti madokotala a chigawo chino aziphunzira konkuno osathawira kunja. Zaka zimapitirira 10. Nchifukwa chake alipo ochepa kwambiri, ndipo ku wodi ya opsa ku Queens ndi ku Kamuzu Central odwala amachokera maboma akutali. Ngati muli ndi mwana wa manja osanjenjemera, wodekha, wokonda sayansi, muuzeniko kuti ntchito iyi iliko.

Chomaliza, munthu akapsa musathamangire mazira, Colgate kaya mafuta ophikira. Thirani madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, osati ayisi, vulani mphete ndi zibangili pasanatupe, phimbani ndi nsalu yoyera, mumufunditse kwinako asazizidwe makamaka akakhala mwana, ndiye thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.