Msampha wa kachilombo konunkha usakhale pakati pa kiwi

Ambiri a ife kuno ku Joni zipatso za kiwi timangoziona m'mabokosi ku msika wa City Deep, koma alipo abale athu amene amagwira ntchito m'minda yake ku Limpopo ndi ku KwaZulu-Natal. Amenewa ndiwo ayenera kudziwa bwino kachilombo konunkha kotchedwa Halyomorpha halys. Si nunkhadala wa m'chinangwa uja ayi. Aka n'kaphanthiphanthi ngati chishango, kabulauni kamawangamawanga, kotalika mamilimita 12 mpaka 17.

Kwawo ndi ku China, Japan ndi Korea. Ku Italy kanapezeka mu 2012 ndipo kasautsa kwambiri alimi a kiwi ndi mapeyala. Kamayenda ulere: kukazizira kamabisala m'makontena, m'magalimoto ndi m'makina a pafamu. Mu 2018 dziko la New Zealand linabweza sitima zonyamula magalimoto kuchokera ku Japan chifukwa cha kachilombo komweka. Ndiye inu otsitsa katundu m'makontena kuno ku Johannesburg, maso akhale patsogolo. Kontena yopakiridwa kumayiko kumene kukuzizira imafika kuno kukutentha, tobisala tija n'kudzuka.

Pokazindikira yang'anani tinyanga take: tili ndi timizere toyera. M'mphepete mwa mimba muli madontho oyera ndi akuda mosinthana, ndipo mapewa ake ndi osalala. Mukaona cha mapewa osongoka musafulumire kupha, zina zoterozo zimadya mbozi.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa msampha. Nyambo yake ndi fungo limene tizilomboti timaitanirana, ndiye imakoka tambiri, koma si tonse timalowa. Tina timangotera pa zomera zoyandikira n'kuyamba kuboola zipatso. Mukaupachika pakati pa mizere ya kiwi, ndiye kuti mwaitanira mbava kunkhokwe. Uzikeni kunja kwa munda, mamita angapo kuchokera pa mzere woyamba, makamaka mbali ya mitengo yotchinga mphepo, ya shedi kapena ya pamene pamatsitsidwa katundu, chifukwa kumeneko n'kumene timalowera. Kaya ndi msampha wakuda wonga piramidi, kaya ndi pulasitiki yomata yokhomedwa pa mtengo wotalika pafupifupi mita ndi theka, uyendereni sabata iliyonse. Lembani tsiku, nambala ya msampha, ndi chiwerengero cha akuluakulu padera, ana padera. Nyambo zambiri zimatha mphamvu pakapita masabata 12, ndipo pulasitiki ikadzaza fumbi sigwiranso kanthu. Munthu amalemba ziro mosangalala, osadziwa kuti msampha unafa kalekale.

Msampha pawokha sukwanira. M'mawa kusanafunde, tizilomboti tisanachangamuke, yalani nsalu yoyera pansi pa nthambi n'kugogoda nthambiyo ndi ndodo. Masana n'kutaya nthawi, timauluka. Tembenuzaninso masamba: mazira amakhala kunsi kwake, obiriwira motuwa, pafupifupi 28 pamalo amodzi. Ana ongoswedwa kumene ndi ofiirira ndi madontho akuda, amaunjikana pa zikhungwa za mazira. Kupeza ana n'koopsa kuposa kupeza wamkulu mmodzi, chifukwa ana sauluka. Ndiye kuti kaswana pompo.

Chipatso cholumidwa nthawi zambiri kunja sichioneka. Sendani khungu ndi mpeni, mupeza malo oyera ouma ngati siponji pamene kanalasa mlomo wake. Zina zimayoyoka zisanakhwime, zina zimakawolera m'chipinda chozizira, wogula n'kubweza katundu. Choncho sendani zipatso zingapo za m'mizere ya m'mphepete nthawi iliyonse mukayendera misampha.

Mukakapeza kokayikitsa musakapsinye. Kaikeni m'kabotolo kotseka bwino, kajambuleni pafupi kuti tinyanga tioneke, botolo mulisunge mufiriza, kenako muuze bwana wa famu kapena mlangizi wa zaulimi tsiku lomwelo.