Kodi kasupe wotentha ali ndi zaka zingati?

Mukanyamuka ku Lusaka m'bandakucha mwezi wa June kubwerera kuno ku Chipata, musanafike Rufunsa mumaona nthunzi ili tolotolo m'mbali mwa msewu. Ndi pa Chinyunyu pamenepo. M'basi simulephera kupezeka bambo wina wolengeza kuti pansipo pagona phiri lamoto. Ine ndimangokhala chete, ulendo ndi wautali, koma si zoona. Zambia ilibe phiri lamoto lomwe likuphulika masiku ano. Apafupi ndi a ku Rungwe, dera la Mbeya ku Tanzania.

Madzi athuwa ndi amvula. Amalowa m'ming'alu ya miyala n'kutsika pansi kwambiri, kumene kutentha kumawonjezeka ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse, kenako n'kubwerera pamwamba asanazizire. Chigwa cha Luangwa nachonso chinabadwa ndi ming'alu yotere, n'chifukwa chake ku Nsefu kuli akasupe a Chichele, kumene nyama zimasonkhana pamchere.

Chimene chimandikoka mtima ine ndi zaka. Akuluakulu amangoti "tinaupeza." Inde, koma liti?

Kasupe amasiya umboni pakhomo pake. Madzi akamazizira amataya laimu kapena silika, monga zoyera zimene zimamatirira m'ketulo, ndipo zimaunjikana chaka ndi chaka mpaka kusanduka mwala. Mu laimu wa kumene mumalowa pang'ono chitsulo chotchedwa uranium, chimene chimasanduka chitsulo china, thorium, pa liwiro lodziwika. Akatswiri akayeza ziwirizi amawerenga zaka mpaka pafupifupi 500,000. Akapeza kamtengo kapena mungu wotsekeredwa m'mwalamo, amayeza kaboni-14, mtundu wa kaboni umene umachepa pang'onopang'ono chamoyo chikafa, koma iyeyu sapitirira zaka pafupifupi 50,000. Ku Rhynie, ku Scotland, kasupe anauma kalekale, koma silika wake anasunga zomera za zaka zoposa 400 miliyoni.

Kwathu kuno umboni wokoma kwambiri unasiyidwa ndi anthu. Pa akasupe a Gwisho ku paki ya Lochinvar, kumwera kwa Zambia, akatswiri ofukula zakale Creighton Gabel, kenako Brian Fagan ndi Francis Van Noten, anakumba m'zaka za m'ma 1960 n'kupeza mafupa a anthu ndi zida zamtengo zosaola. Alenje amenewo ankakhala pamenepo zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Nanga munthu angamange msasa pakasupe wouma?

Komatu ukalamba sutanthauza kuti kasupe sanapumepo. Pa Old Faithful, kasupe wothuvula madzi owira m'mwamba ku Yellowstone, ku America, dera la phiri lamoto lenileni, anapeza zidutswa za mitengo pachulu cha kasupeyo, za m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300. Mtengo sungamere pamalo othiridwa madzi owira ola ndi ola, ndiye kuti kasupeyo anali atasiya, pa nthawi ya chilala choopsa. Ife chilala cha 2024 chinatiumitsira chimanga nyengo imodzi tinalira. Cha ku Yellowstone chija chinatenga zaka makumimakumi.