Bulugamu wa bambo wagwa, koma lole ndalipira kawiri

Mtengo uja wagwa tsopano, ndipo dzulo ndagona tulo osadzidzimuka ngakhale kunja kumawomba mphepo. Anali bulugamu wamkulu amene malemu bambo anga anadzala kuseri kwa nyumba cha m'ma 1980. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, nthaka ya kumunsi kwake inagumuka, mizu ina n'kukhala pamtunda, mtengo n'kupendekera kudenga la aneba. Ife a mu Blantyre amene tinaona zomwe zinachitika ku Chilobwe sitiyang'ananso mtengo wopendekeka ngati kale. Komabe ndinazengereza, mpaka mayi a kunyumba inayo anabwera m'mawa wina n'kundiuza mwaulemu kuti ana awo anawasamutsa kuchipinda chakumbuyo.

Ndiyambe ndi mfundo imene inandiliza, mwina simuwerenga mpaka kumapeto: pepala lonena kuti mtengo udulidwe ndi lina, pepala lonyamulira nkhuni pamsewu ndi linanso. Funsani onse awiri tsiku limodzi.

Za kalata ya amfumu sinditaya nazo nthawi, aliyense amadziwa njira yake ndiponso kuti supita chimanjamanja. Kalatayo ndinapita nayo ku ofesi ina yoona za mitengo. Ulendo woyamba, woyenera kundithandiza anali atapita kumudzi kukayendera nazale. Wachiwiri, anali ku msonkhano. Wachitatu ndinawapeza, bambo aulemu ndithu, ndipo anati sangalembe kanthu asanauone mtengowo ndi maso, koma njinga yamoto inalibe mafuta. Mwamva kale tanthauzo lake. Atafika anauzungulira kawiri, n'kuugogoda ndi chigumbu cha chikwanje. Unalira ngati ng'oma. "Mayi, uwu chiswe chinaumaliza m'kati, waima ndi khungwa lokha." Anandiuzanso kuti poti ndi mtengo wodzala tokha pamalo pathu, nkhani yake siyovuta ngati ukanakhala wachilengedwe, monga mbawa kapena mlombwa. Kalata analemba, chidindo anadinda, ine n'kubwerera ndikumwetulira ngati ndapambana mayeso.

Odula ndinayamba ndapeza anyamata awiri a nkhwangwa amene anatchula ndalama yochepa kwambiri. Nditawafunsa kuti augwetsera kuti, wina analoza kudimba, mnzake analoza kumsewu. Ndinawapatsa ya minibasi n'kutsanzikana nawo. Amene anagwira ntchitoyo ndi madala ena odziwa kukwera, okhala ndi makina a tcheni, zingwe zitatu zazitali ndi anyamata anayi. Musanagwirizane ndi munthu wotere, kambiranani zonse pali mboni: petulo ndi oilo agula ndani, zipika ndi za yani, nanga nthambi ikaboola malata a aneba alipira ndani. Ine za petulo ndinaiwala, ndipo tsikulo ndinathamanga ndi chigubu kawiri.

Iwo sanayambire pansi ayi. Anakwera, n'kuyamba kusadza nthambi kuchokera kunsonga, iliyonse yomangidwa chingwe, anyamata akuitsitsa pang'onopang'ono ngati akutsitsa bokosi m'manda. Tsiku loyamba linathera pamenepo. Mawa lake, litatsala thunthu lokha, anamanga chingwe pamwamba, anadula kakamwa mbali imene ankafuna kuti ligwere, kenako anacheka kumbuyo, pamwamba pang'ono pa kakamwa kaja, osapyoza. Anati kamtengo kotsala pakatipo ndi kamene kamawongolera thunthu pogwa, ukakadula konse mtengo umasankha wokha kopita. Ndiye poti wathuwu unali ndi mphako, anasiya kokhuthala kuposa masiku onse, n'kukhomera chikhomo pamene anachekapo. Ana onse tinawathamangitsira kutsidya kwa msewu. Unagwa pakati penipeni pa mzere wa nthochi ndi chimbudzi, nthaka n'kunjenjemera, ndipo m'kati munatuluka dothi la chiswe lodzaza wilibala.

Ndaiwala za mawaya. Nthambi imodzi inkadutsa pamwamba pa waya wolowa m'nyumba mwathu, ndipo madala aja anakanitsitsa kukwera mpaka a magetsi atabwera kudzauchotsa. Izi zinadya masiku anayi. Pamenepo sindidandaula, anachita bwino kukana.

Tsopano tsiku la mkwiyo. Nkhuni zinatuluka zambiri, mamendulo angapo, ndiye ndinati theka ndikawatulire mayi kumudzi, asiye kuvutika ndi mapesi ndi zitsononkho. Ndinachita hayala lole ya matani atatu, tinapakira m'mamawa, kalata yanga ili m'chikwama. Pa rodibuloko anatiimitsa. Ndinatulutsa kalata ija monyadira. Bwana wake anaiwerenga mpaka pansi, n'kuitembenuza, n'kundibwezera. "Mayi, iyi ikunena zodula. Yonyamulira ili kuti?" Ndinati mtengo ndi wa bambo anga, onani khungwa, ndi bulugamu, sindinaube m'nkhalango. Anati sakukana, koma iwo pamsewu saweruza khungwa, amaona pepala. Kuyambira pomwe lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, lole yonyamula nkhuni kapena makala popanda chilolezo si nkhani yoseketsa, galimoto imene ikhoza kugwidwa. Dalaivala atamva zimenezo nkhope inasintha, anayamba kundiyang'ana ngati ndamugulitsa.

Tinakhala padzuwa kuyambira 8 koloko mpaka cha m'ma 2. Foni ya bambo a ku ofesi aja sinkapezeka. Pomaliza anatilola kubwerera kumene tachokera, nkhuni zonse n'kukatsitsanso pabwalo pomwe tinazitenga. Dalaivala anafuna ndalama yake yonse, ndipo sindikanamuuza kanthu, mafuta anawotcha, tsiku linamuthera. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti Lolemba nditabwerera ku ofesi kuja, pepala lonyamulira linatenga mphindi zosakwana 30. Tebulo lomwelo, munthu yemweyo, chidindo chomwecho. Nditafunsa kuti bwanji simunandiuze tsiku lija, anati, "Simunanene kuti nkhunizo zikuyenda." Ndinangoti zikomo bambo, chifukwa mawu amene anali pakamwa panga sanali oti mwana wa munthu amve.

Ndiye ndibwerezenso: nenani nokha kuti nkhuni zikupita kwina. Pitani mukudziwa nambala ya galimoto, tsiku la ulendo ndi kumene mukupita, poti ine anandifunsa zonsezi, ndipo risiti ya ndalama imene mwalipira muiphatikize pomwepo. Musadikire kuti wina akufunseni.

Za nkhuni zotsala pakhomo, bulugamu muwazeni akadali wamuwisi. Ine zipika zina ndinazisiya milungu itatu chifukwa cha mpungwepungwe wa lole uja, ndipo mnyamata wowaza anakweza mtengo atangomenya kawiri, nkhwangwa ikungodumpha. Zowazazo musaunjike padothi, yalani mapolo awiri pansi kuti mphepo izidutsa ndipo chiswe chisazipeze msanga, pamwamba n'kuvindikira ndi lata lakale. Zauwisi zimangofuka utsi ndi kulira m'moto, mphika osawira.

Mayi nkhuni zawo analandira ulendo wachiwiri, pepala lili m'manja mwanga njira yonse, ndipo pa rodibuloko pomwe paja palibe ndi mmodzi yemwe amene analifunsa. Chitsa chija chayamba kale kuphukira, mphukira zisanu ndi ziwiri zofiirira. Madala aja anati ndisiye ziwiri zowongoka zidzakhale mapolo, ndizidula zisanapitirire denga. Aneba akuti ndichikumbe chonse. Sitinamvanebe.