Tatuluka ku Nkhoma, mwana ali moyo

Abale, tatuluka m'chipatala cha mishoni cha Nkhoma. Tafika pakhomo dzulo madzulo, ndipo pano kamnyamata kanga kagona pamphasa, phala lili m'masaya, pamkono pakadali kapulasitala pomwe panali diripi. Ine tulo ayi. Masiku 9 ndakhala ndikusinza chokhala pambali pa bedi, thupi laiwala kuti usiku anthu amagona. Ndiye ndati bola ndithokozeretu.

Ambiri nkhaniyi mukuidziwa kale. Lachitatu lija kunali kutentha thupi chabe, alangizi a zaumoyo anamubaya pachala, akuti malungo, tinayamba LA. Lachinayi usiku wasanza mankhwala onse, kenako maso gada, manja gwa, thovu kukamwa. Pachipatala chaching'ono chakufupi kwathu anamubaya jakisoni, atamuyang'ana m'zikope ndi m'manja kuli mbee, akuti mwanayu akufunika magazi, pano sitingathe. Ambulansi ilipo, mafuta palibe. Dzina la malowo sinditchula, chifukwa namwino wake anayesetsa, anaimba foni yakeyake mpaka mayunitsi kutha.

Achimwene a kabaza, inu amene munadzuka 1 koloko usiku mvula ya February ili pakamwa, Mulungu akuonjezereni. Tinagwa kawiri m'matope, kachiwiriko munayamba mwafunsa za mwana musanadzutse njinga yanu. Ndalama munati tidzakambirana kukacha. Mpaka lero simunabwere kudzaitenga, koma ndikupezani.

Titaona magetsi m'munsi mwa phiri la Nkhoma, miyendo inandithera. Tonse timadziwa kuti zipatala za mishoni ndi zolipira, ndipo ine m'chikwama munali pasipoti ya mwana ya kuchipatala ndi K3,000 basi. Koma amene anatilandira sanayambe ndi za ndalama. Anangoti, "Mayi, mugonekeni apa." Timachubu ta okosijeni m'mphuno, kuyeza shuga, kufunafuna mtsempha pamkono woti wazizira kale, ndipo kusanache thumba la magazi linali likudontha. Ndinkawerenga madontho amenewo ngati ndikuwerengera ana a sitandade 1 pabolodi. Madokotala, anamwino, ophunzira unamwino amene munkabwera ndi kachipangizo koyezera kutentha usiku wonse, ndi amayi okolopa amene munandiuza kuti ndisiye kulira pamaso pa mwana chifukwa amamva ngakhale wakomoka, zikomo.

Koma pali amayi ena. Amayi a Chigwirizano, a duku loyera, ndinawapeza kumalo ophikira magadiyani. Dzina sindilemba pano, sanandilole, ndiponso sindikhulupirira kuti Facebook amaidziwa. Anali kudwazika amuna awo kuwodi ya abambo, sabata yachitatu. Ine ndinafika wopanda mphika, wopanda mbale, wopanda ngakhale chikuni, zitenje zonse ziwiri zili matope okhaokha. Anandiyang'ana kamodzi n'kuti, "Mwananga, khala apa uwothe." Anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kundifunditsa. Kuyambira tsiku limenelo kamphika kawo kakang'ono, kophwanyika chogwirira, kankaphikira anthu a nyumba ziwiri. Ufa wawo unali wotsala pang'ono, mwezi wa February tonse timaudziwa, koma nsima ankaidula pakati ndi chipande, mtanda waukulu n'kukankhira kwa ine.

Usiku wachiwiri mwana atakomokanso, ine ndinathawira panja, sindinathe kuyang'ana. Iwo ndi amene analowa n'kumugwira miyendo anamwino akugwira ntchito. Sanalalikire ayi. Ankangong'ung'uza nyimbo chapansipansi. Lamulungu m'mawa belu la tchalitchi likulira, mwana anatsegula maso n'kupempha madzi. Ine kukuwa, iwo chogwada pasimenti. Ambuye, amayi amenewo muwakumbukire, ndi bambo awo aja muwadzutse.

Ali pamoto anandifotokozera zomwe anamva kwa agogo awo, kuti amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa anayambira ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma anafika mu 1896, chipatala n'kudzayamba mu 1915. Zaka zimenezi ndinkazidziwa kale, za m'kalasi, koma sizinandikhudzepo mpaka tsiku lomwe ndinafika pakhomo pake nditabereka mwana wolefuka. Ndinaseka ndekha: bambo a mwanayu ali ku Johannesburg kusaka ndalama, mwana wawo akupulumukira m'chipatala chomwe anayambitsa anthu ochokera komweko. Bambo ake, musadandaule, zomwe munatumiza zinafika, ndipo mawu anu pa WhatsApp ndinkamuikira kukhutu.

Amayi a banki m'khonde, ngongole yadzidzidzi munaitulutsa osadikira tsiku lokumana, bilu ndalipira, ndibweza malipiro akatuluka. Aphunzitsi anzanga munagawana kalasi yanga, akulu ampingo munabwera ndi shuga ndi sopo, zikomo.

Ena inu, amati chibale ndi fupa sichiola, ndiye sindinena zambiri. Uthenga munaulandira, timizere tiwiri tabuluu tinaoneka. Amene munanditumizira mawu oti ndimutulutse mwana ndipite naye kwa sing'anga chifukwa "si matenda a kuchipatala amenewo", bwerani mudzamuone akudya. Ndikudziwa kuti zikanavuta bwenzi mutafika nonse m'mamawa, nkhuni pamutu, ufa m'mabeseni. Ufa womwewo ndinkaufuna ku Nkhoma.

Neti yoteteza udzudzu yomwe ndinaphimbira mbewu kudimba ndaichotsa, ndisabise, manyazi andigwira. Yatsopano yapachikidwa kale.

Lachiwiri likubwerali tikubwerera kuti akamuonenso magazi. Amayi a duku loyera, chitenje chanu chili kuno, ndachichapa ndachisita. Ndibwera nacho pamodzi ndi kathumba ka ufa ndi mphika wachogwirira. Ngati amuna anu atuluka kale, ndifunsa kumagadiyani mudzi wanu, ndidzakupezani.